Mayi wa bypass akukomoka akamwa phala

Namwino wa ku OPD: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tili ndi mayi amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, ya bypass yotchedwa Roux-en-Y, ku India zaka ziwiri zapitazo. Shuga wawo anatsika, mankhwala a shuga a metformin anasiya. Koma tsopano akamwa phala lothira shuga m'mawa, pakatha maola awiri thukuta kamukamu, kunjenjemera, mwina kukomoka kumene. Titawayeza tinapeza shuga wa m'magazi atatsika kufika pa 2.8 mmol/L. Malungo alibe. Achibale amawapatsa Sobo, n'kutsitsimuka, kenako zimayambiranso.

Clinical officer: Sakumwa glibenclamide, mapiritsi otsitsa shuga aja, mobisa? Ena amatapa ya amuna awo.

Namwino wa ku OPD: Tafunsa, ayi. Ndipo asanadye kanthu shuga amakhala bwinobwino.

Wa zakudya: Yankho ndi lomwelo, a Sisita. Vuto likubwera akadya, osati ndi njala. Chifu chawo chinatsala kathumba ka mamililita pafupifupi 30, ndiye phala limagwera mosachedwa mu jejunum, gawo lachiwiri la matumbo aang'ono, gawo loyamba lotchedwa duodenum osalidutsa n'komwe. Matumbo aang'onowo amasintha pang'onopang'ono, amakhuthala chifukwa akulandira chakudya chomwe kale chinkawafika chogayika. Kafukufuku wa pa makoswe ku Boston mu 2013 anaonetsa kuti gawo limeneli limayamba kudya lokha shuga wambiri kuti likule. Shuga wa m'phala amalowa m'magazi nthawi imodzi, GLP-1, homoni ya m'matumbo, n'kukwera, chiwalo cha pancreas n'kutulutsa insulin, amene amatsitsa shuga, mopyola muyezo. Phala likatha, insulin adakalipo. N'chifukwa chake zimakonda kuoneka patapita chaka kapena kuposerapo, aliyense ataiwala za opaleshoni. Sobo uja akungosonkhezera moto.

Clinical officer: Ndiye akakomoka tiwasiye? Ine dextrose, shuga wa mu diripi, ndipereka basi.

Wa zakudya: Perekani, achimwene, palibe akukana. Koma akadzuka adye dzira kapena mtedza. Kunyumba azidya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi, ayambe ndi ndiwo, nsima kambamu kakang'ono, mgaiwa osati woyera. Akadya, madzi amwe patadutsa theka la ola. Zikakanika, adokotala aganizire acarbose, mankhwala ochedwetsa shuga kulowa m'magazi.

Mzamba: Ngati adakali a msinkhu wobereka, lembani m'buku lawo kuti akadzakhala oyembekezera asadzawamwetse magalamu 75 a shuga omwe timamwetsa poyeza matenda a shuga (OGTT). Amagwa nawo. Muyezenso magazi, iron amayamwidwa ku duodenum komwe kunalambalalidwako. B12 nayenso.

Namwino wa ku OPD: Zikomo nonse. Hb, kuchuluka kwa magazi, ndiyeza mawa. Nkhondo ikhala pa nsima, apongozi awo akuti munthu sangachire ndi kambamu kamodzi.

Wa zakudya: Abwere nawo Lachinayi, ndiyankhula nawo ndekha.