Alamu anga a ku Tsangano ndiwauze agule galimoto yanji?

Moni nonse abale, mwaswera bwanji? Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Alamu anga amalima mbatata ya kachewere ku Tsangano, ndipo chaka chino akufuna galimoto yawoyawo yoti azitsitsira matumba ku Lizulu, Lamulungu n'kunyamulira banja kutchalitchi. Udindo wosankha andipatsa ine, eti poti ndimayendetsa. Komatu ndili ndi mantha. Chaka chatha ndinalozera mnzanga wina kagalimoto kotsika, kanakhula mwala kumimba oyilo yense n'kutayikira mumsewu. Mpaka lero tikakumana pa Kampepuza moni wake ndi wa pakamwa chabe.

Ndafunsa amakaniko awiri pa Ntcheu boma. Wina akuti Toyota Probox ya injini ya 1NZ, 1500cc, makamaka ija ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, poti masipeya ake savuta kupeza. Winayo akuti Nissan AD. Ogulitsa a ku Lilongwe sanandithandize, aliyense akungotama yomwe ili pakhomo pake. Eni akewo mtima uli pa Sienta chifukwa cha mipando 7, koma ine ndikuiona kutsika, ndipo giya yake yosintha yokha ya mtundu wa CVT ndi matumba pachitunda sindikuikhulupirira.

Inu amene mumayenda misewu yamatope nthawi ya dzinja, Probox imapirira matumba angati osathyola masipuling'i? Kapena ndiwauze aupeze mtima, awonjezere ndalama agule Hilux yakale? Nanga chabwino n'chiti, kuitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, kapena kugula yoyenda kale kuno titaiona ndi maso?