Zithunzi za pa webusaiti yanga zikukana kutseguka, Nc'wala ili pakhomo

Mayi wa ku Kapata analemba:

Moni nonse. Ine za makompyuta sindizidziwa bwino, ndiye ndikalakwitsa mayina a zinthu mundikhululukire. Ndili ndi kanyumba kogona alendo kuno ku Chipata, zipinda zisanu ndi ziwiri. Chaka chatha mwana wa mng'ono wanga anandipangira webusaiti pa pulogalamu ija amati WordPress asanabwerere kusukulu ku Lusaka, n'kundiphunzitsa kuikamo zithunzi ndekha. Ndinaphunziradi, mwinanso ndinachita kunyanya. Chipinda chilichonse ndinachijambula kanayi kasanu: bedi, bafa, neti ya udzudzu, mpaka mtengo wa mango wa pakhomo. Patsamba loyamba pokha pali zithunzi 36, zija zomasinthana zokha pamwamba.

Lachiwiri lapitali bambo wina anandiimbira ali pa Petauke, akuchokera ku Lusaka, akufuna pogona. Ndinati onani zipinda pa webusaiti, musankhe nokha. Posakhalitsa anaimbanso, amvekere, "Mayi, ine ndikungoona denga la nyumba yanu. Chithunzi chikutsika pang'onopang'ono ngati katani, bandulo yanga n'kumapita. Ingonditumizirani pa WhatsApp." Manyazi anandigwira, chifukwa pafoni yanga tsambalo limatseguka bwinobwino. Madzulo ndinabwereka ka Itel ka mtsikana amene amandithandiza ntchito. Ndinateleka madzi a tiyi pa mbaula, madzi anawira, tiyi tinamwa, tsamba lisanamalize.

Nc'wala ndi kumapeto kwa February, ndipo ife a malo ogona ndiye nthawi yathu yokolola. Opita ku Mtenguleni, kumene mwambo wa Angoniwu umachitikira, amayamba kusungitsa zipinda masiku akadalipo ambiri. Tsono vuto ndi netiweki, kapena ndilipire malo odula osungirako webusaiti? Mwana uja ali pa mayeso, sindifuna kumusokoneza. Kaya n'zofunika kutchula kaya ayi: ndikajambula ndi foni, ndimayamba ndalowetsa chithunzicho mu pulogalamu ina yopangira maposita kuti ndilembe dzina la nyumba yathu pakona, kenako n'kuchiika.

Wamawaya wa ku Katete anayankha:

Amayi, ndalama zanu zikhale kaye m'chikwama. Mawu anu omalizawo ndi pamene pagona nkhani. Lowani mu WordPress, pitani pa Media, dinani chithunzi chimodzi. Muone zinthu ziwiri: dzina lake likuthera ndi .png kapena .jpg, komanso chikulemera ma MB angati. Ndikukayikira kuti mupeza .png, chifukwa mapulogalamu ambiri a maposita amakonda kusunga choncho.

PNG sitaya kanthu, kadontho kalikonse ka chithunzi imakasunga momwe kalili. N'yabwino pa logo kapena pa zinthu zamalemba. Koma chithunzi cha chipinda, chokhala ndi mithunzi ndi mitundu yambirimbiri, chikasungidwa mu PNG chimalemera kangapo kuposa mu JPEG, ija ya .jpg. Choipanso n'chakuti WordPress, kuyambira pa mtundu wake wa 5.3, imachepetsa yokha zithunzi zazikulu kwambiri kuti zisapitirire mapikiselo (timadontho ta chithunzi) 2560, koma za PNG imazisiya choncho.

Ngakhale JPEG yochokera m'foni ndi yaikulu kale. Foni zambiri zimajambula mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 m'litali, chithunzi chimodzi n'kumalemera 3 MB kapena 4 MB. Tiwerengere limodzi: zithunzi 36, chilichonse 4 MB, ndi 144 MB. Bambo wa pa Petauke uja sananame. Zili ngati kumanga matumba a chimanga khumi panjinga imodzi, n'kumadandaula kuti msewu ndi woipa. Pafoni yanu zimathamanga chifukwa inazisunga kale tsiku loyamba, sizikopanso mwatsopano. Mlendo alibe mwayi umenewo.

Chochita n'chosavuta. Tsegulani squoosh.app pa Chrome. Ndi yaulere, anapanga ndi a Google, ndipo chithunzi sichichoka m'foni mwanu, ntchito yonse imachitikira momwemo. Sankhani chithunzi, yatsani Resize, pa m'lifupi lembani 1600 ngati ndi chachikulu cha pamwamba, 800 ngati ndi cha chipinda. Pa mtundu sankhani WebP, umene umapepuka kuposa PNG ndi JPEG, Quality muisiye pa 75. Pakati pali mzere womakoka uku ndi uku, mbali ina chakale, mbali ina chofinyidwa. Mukokeni muone ngati maso anu apeze kusiyana. Pansi pamalembedwa kulemera kwatsopano. Chachikulu chisapitirire 200 KB, zazing'ono zikhale pansi pa 100 KB. WordPress inayamba kulandira WebP pa 5.8, m'chaka cha 2021, ndiye yanu ya chaka chathayo siikana. Dzina la nyumba pakona paja lisiyeni, alendo aliona kale pamwamba pa tsamba.

Mjambuli wa ku Mfuwe anayankha:

Achimwene a ku Katete anena zoona, koma ine ndiikepo mabuleki pang'ono, chifukwa anthu akaphunzira kufinya amafinya mpaka nthangala. Khoma loyera likafinyidwa mopitirira limatuluka mabangamabanga ngati lalowa madzi a mvula, ndipo mlendo saganiza za ma KB, amangoti chipindachi n'chauve. Mukamakoka mzere uja, Amayi, muziyang'ana pakhoma ndi pa nsalu za pabedi. Mukaona timabokosi, kwezani Quality ifike 80.

Chachiwiri, ndipo ichi ndinachiphunzira ndi misozi: zithunzi zoyambirira musafufute. Ine ndinachepetsa zithunzi zanga za kambuku, zimene ndinazidikira mamawa atatu m'mbali mwa Luangwa, n'kuzisunga pamwamba pa zoyambirira kuti ndipeze malo pa laputopu. Patapita miyezi munthu anafuna chimodzi kuti asindikize pa kalendala. Chinali 1200 m'lifupi basi. Chithunzi chimachepa, koma sichikulanso. Pangani mafoda awiri, ina ya zoyambirira, ina ya zapawebusaiti, ndipo pofinya muziyambira pa choyambirira cha m'kamera, osati chija chadutsa kale m'maposita kapena pa WhatsApp. WhatsApp imafinya yokha, ndiye kufinyanso chofinyidwa kale n'kumene kumabweretsa mabanga aja. Mukafuna kutumizira mwana wanu ku Lusaka chithunzi chonse osachepetsedwa, chitumizeni ngati Document.

Kwinako ndi nkhani ya kajambulidwe. Muzijambula cha m'ma 9 koloko m'mawa, makatani onse otsegula, foni yogoneka chopingasa. Chithunzi cha mumdima chimakhala ndi timchengamchenga, ndipo timeneto timalemeretsa chithunzi popanda phindu.

Mayi wa ku Kapata analembanso:

Ana anga, mwandigwira pamtima. Ndapezadi .png, ndipo cha bedi la chipinda chachitatu chinali 7.8 MB. Ndatenga choyambirira m'foni, ndachita monga mwanenera, chatuluka 96 KB. Ndinaitana mtsikana uja kuti aone mbali ziwirizo andiuze chabwino n'chiti, iye analoza chofinyidwacho! Koma cha mtengo wa mango chakana, ndi 1600 chikuima pa 430 KB. Ndalakwitsa pati? Komanso zithunzi 36 zija, zikachepa zonse ndingazisiye pomwepo? Zonse ndimazikonda.

Wamawaya wa ku Katete anayankha:

Simunalakwitse. Masamba a mtengo, udzu, chitenje cha maluwa, zonse zokhala ndi tinthu ting'onoting'ono tambiri sizifinyika msanga ngati khoma. Chitsitseni chifike 1000, kapena dulani m'mbali mutsale ndi khomo ndi nthambi zingapo.

Za 36 zija ndikuuzani mosabisa: zichotseni pamwambapo. Palibe munthu ali m'basi pa Sinda amene angadikire chithunzi cha nambala 29. Pamwamba pakhale chimodzi chokha, chabwino kwambiri, pansi pake zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za zipinda. Zotsalazo zipangireni tsamba lawolawo, wozifuna akazipeze kumeneko. WordPress kuyambira pa 5.5 ili ndi khalidwe labwino losakopa zithunzi za m'munsi mpaka munthu atatsikira komweko, a makompyuta amati lazy loading. Koma zija zomasinthana zokha, zambiri zimakoka katundu yense nthawi imodzi, phindu lonse n'kutha. Mukaika zatsopano muonetsetse kuti tsamba likuloza zatsopanozo, chifukwa kuika WebP mu Media sikuchotsa PNG yakale patsamba. Muyenera kusintha chimodzichimodzi.

Mukamaliza, lembani adiresi ya webusaiti yanu pa PageSpeed Insights, tsamba la a Google loyezera liwiro la webusaiti, muyang'ane mbali ya Mobile. A Google amati chinthu chachikulu cha pamwamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5. Malikisi a pa 100 amene tsambalo limapereka musavutike nawo, simuli pa mayeso inu. Woweruza weniweni ndi ka Itel kaja, pa bandulo, osati pa Wi-Fi, ndipo mutsegule pa Incognito kuti foni isakunamizeni ndi zimene inasunga.

Aphunzitsi a ku Lundazi anayankha:

Ine za WebP sindidziwapo kanthu, ndine mlendo wogona chabe, ndimabwera ku Chipata kumisonkhano ya ntchito. Pempho langa kwa inu Amayi ndi ena onse a malo ogona: mtengo wa chipinda ndi nambala ya foni muzilemba ndi malemba enieni patsamba, osati mkati mwa posita. Kwathu kuno netiweki ikafooka, malemba amafika, zithunzi zimatsalira m'njira. Kangapo ndakhala ndikuyang'ana bokosi lotuwa, ndikudziwa kuti nambala imene ndikufuna ili m'katimo. Mulembenso ngati madzi otentha alipo magetsi akazima. Chimenecho ndiye timafunsa poyamba, mtengo wa mango umabwera pambuyo.

Mayi wa ku Kapata analembanso:

Aphunzitsi, mwandiona bwanji? Mitengo yanga yonse ili m'posita, 5.1 MB. Ndailemba kale ndi malemba, za madzi otentha ndawonjezanso, timatenthetsa pa nkhuni magetsi akapita. Zithunzi ndamaliza zisanu ndi zinayi, foni yatentha ngati mbatata yootcha ndipo batire yatsala 11, zina mawa. Achimwene a ku Mfuwe, chipinda chachisanu zenera lake layang'ana kumadzulo, m'mawa mumakhala mdima. Ndijambule nthawi yanji?