Ndajambula agogo anga katatu koma mawu sakumveka bwino. Ndigule maikolofoni kapena pali pena pamene ndikulakwitsa?

Naphiri wa ku Linthipe

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Dedza, ndipo ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo.

Agogo anga aamuna ali ndi zaka 81. Ali mnyamata anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodiko, maulendo atatu. Ulendo womaliza anabwerako kutangotsala pang'ono kuti ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi igwe ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974, pamene a Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Tikukula tinkazimva nkhani zimenezi madzulo pamoto, koma sitinkazisamala. Chaka chatha anamwalira mnzawo amene anakwera naye sitima imodzi ulendo woyamba, ndipo ndili pamaliro pomwepo ndinawerenga m'mutima n'kupeza kuti m'mudzi mwathu mwatsala azibambo atatu okha amene anaona mgodi ndi maso awo. Ndipo m'pamene ndinaganiza zoyamba podcast, pulogalamu ya mawu yonga ya pawailesi koma yomvera pa intaneti, kuti ana a m'kalasi mwanga ndi abale amene ali kunja azimva mawu a anthu amenewa.

Ndajambula katatu ndi foni yanga ya Android. Koyamba tinakhala pabalaza, foni ili patebulo, agogo ali pampando wawo wa ndalema cha kukhomo. Nditamvetsera, mawu awo amamveka ngati akulankhulira mumgolo. Kachiwiri mvula inayamba tili pakati, ndipo nyumbayo ndi yamalata yopanda siling'i, ndiye mukudziwa. Kachitatu tinakakhala pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko tambala, mphepo ndi chigayo cha kutsidya zonse zinalowa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti agogo akafika pa nkhani yowakhudza amatsitsa mawu. Amafotokoza mmene anawaimika pamzere ali osavala kuti adokotala awayeze, amuna akuluakulu pamodzi ndi anyamata, ndipo chiganizo chomaliza anachinena chapansipansi atayang'ana pa manja awo. Ine ndinachimva chifukwa ndinali pomwepo. Pa foni palibe, pakungomveka mphepo.

Gawo loyambalo ndinalitumizabe pa gulu la WhatsApp la kubanja. Ndi la mphindi 45. Anatsegula anthu anayi okha, ena anati lalemera, likutha bandulo.

Ndasunga kandalama pang'ono. Ndigule maikolofoni yanji? Nanga ndikaikonza, ndiziika kuti? Ndithandizeni, chifukwa agogo sakudikira.

Mkulu wa Wailesi

Aphunzitsi, ndalamazo zisungeni kaye. Ine ndinagwirapo ntchito yodzipereka pa wailesi ina ya m'dera kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zambiri zimene tinkaulutsa kuchokera kumidzi tinkajambula ndi zipangizo zoperewera kuposa foni muli nayoyo. Vuto lanu loyamba ndi mtunda, lachiwiri ndi chipinda.

Mwati foni inali patebulo, agogo ali kukhomo. Pamenepo foni imamva khoma kuposa munthu. Mawu akatuluka pakamwa amakagunda simenti, malata ndi pulasitala n'kubwerera, ndipo foni ikakhala kutali imatola obwererawo mofanana ndi enieniwo. N'chifukwa chake mukumva ngati mumgolo. Iyandikizeni, mtunda wa chikhatho chimodzi chotambasula kuchokera pakamwa pawo, koma cha pambali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamawombe pa maikolofoni. Kumbukirani kuti maikolofoni ya foni zambiri ili kumunsi, pafupi ndi potchajira. Anthu ambiri amalozetsa kumtunda kwa foni kwa wolankhula. Musaigwire m'manja, zala zimamveka. Sanjikizani mabuku pa kastulu, pamwamba ikani chitenje chopinda, foni igone pamenepo.

Pabalaza tulukanipo. Lowani kuchipinda chogona, kumene kuli matilesi, mabulangete ndi zovala zopachika. Zinthu zofewa zimameza mawu obwerera aja. Pansi yalani mphasa ndi bulangete pamwamba, pawindo pachikani bulangete lina. Ngati pamudzipo pali nyumba yofolera ndi udzu, ya dothi, pemphani mujambulire mmenemo. Ndikunena zoona, kanyumba kaudzu kamaposa ofesi ya matailosi kutali, ndipo mvula ikagwa pa udzu siichita phokoso.

Nthawi yake muisankhe ndi khutu. Khalani m'chipindamo mphindi ziwiri muli chete, mumve zimene zikumveka. Chigayo chili ndi nthawi yake yoyamba ndi yowerukira, ana ali ndi nthawi imene amakhala kusukulu. Foni muiike pa airplane mode, chifukwa munthu akaimba muli pakati mukhoza kutaya zonse. Musanayambe jambulani masekondi 20, mumvetsere ndi mahedifoni, kenako muyambe zenizeni. Mukanachita zimenezi tsiku la pansi pa mango lija mukanaimva mphepo isanakuonongereni nkhani.

Komanso poyamba penipeni siyani masekondi 10 opanda wolankhula. Mukapeza laputopu, ikanimo Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, ndi yaulere. Muli chida chotchedwa Noise Reduction. Mumasankha pamene pali chete paja, n'kudina Get Noise Profile, kenako n'kusankha zonse kuti ichotse kaphokoso kosalekeza. Koma musaikakamize kwambiri, mawu amayamba kumveka ngati munthu ali pansi pa madzi. Ndipo dziwani kuti imachotsa phokoso lokhazikika lokha. Tambala sangachoke, mvula ya pamalata singachoke.

Mbewe, Johannesburg

Achemwali, nkhani yanuyi yandigwira mtima chifukwa nanenso agogo anga anabwera kuno nthawi ya Wenela, ndipo anamwalira ndisanawafunse chilichonse. Ine ndimalondera usiku, ndiye ma podcast ndi amene amandiperekeza mpaka kucha. A Chichewa ndimachita kuwasakasaka.

Zonse anena akuluwa n'zoona, koma pa maikolofoni ndisiyana nawo pang'ono. Munthu wachikulire sakhala malo amodzi. Akatenthedwa ndi nkhani amatembenuka, amaloza uku ndi uku, amaweramira pansi. Foni ya pa kastulu iwataya pomwe paja mukudandaula. Kamaikolofoni kopanira pa malaya kamayenda nawo limodzi. Kodziwika kwambiri ndi Boya BY-M1, kali ndi chingwe cha mamita 6 ndipo kamalowa pa bowo la mahedifoni. Onani kaye ngati foni yanu ili ndi bowolo, ndipo kaswitchi kake kakhale mbali ya foni, osati ya kamera. Kapanireni pachifuwa, cha pa batani lachiwiri, kolala isamakakhudze. Zazikulu zija mumaziona pa YouTube zisiyeni, zambiri zimatola phokoso la mudzi wonse.

Tsopano za kulemera. Apa pali masamu ochepa chabe. Fayilo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi iliyonse, ndiye mphindi 45 zanuzo zikupitirira 40 MB. Mawu a munthu mmodzi safuna zonsezo. Potulutsa mu Audacity sankhani mono ndi 64 kbps, mphindi imodzi izidya theka la MB. Ndiye mudule nkhaniyo m'magawo a mphindi 15, lililonse likhala cha m'ma 7 MB. Zimenezo munthu amatsegula osaganiza kawiri. Gawo lililonse likhale ndi nkhani imodzi: tsiku lolembedwa, ulendo wa pasitima, tsiku loyamba kutsika pansi, kubwerera kumudzi.

Poika, tsegulani akaunti pa Spotify for Creators, imene kale inkatchedwa Anchor. Salipiritsa. Akupatsani RSS feed, imene ndi adiresi ya podcast yanu, ndipo ndi imeneyo mukhoza kulembetsanso ku Apple Podcasts. Pafunika chithunzi cha mbali zinayi zofanana, chosachepera 1400 ndi 1400. Ngati agogo akadali ndi bokosi lawo lachitsulo la kumgodi, jambulani limenelo.

Koma ndisakunamizeni, anthu a ku Linthipe sakakupezani pa Spotify. Kumeneko tikupezani ndife a kunja. Akumudzi muziwatumizira fayilo yeniyeniyo pa WhatsApp, iwo azipatsirana pa Bluetooth ndi pa memori khadi monga amachitira ndi nyimbo. N'chifukwa chake poyamba pa gawo lililonse muzinena ndi pakamwa dzina la pulogalamu, dzina lanu ndi nambala ya gawo, chifukwa fayilo ikadutsa mafoni asanu dzina lolembedwa lija limasowa. Mukayamba mundiuze, kuno tili ndi gulu la anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndikaliikako.

Nangondo

Ine za zipangizo sindionjezerapo. Ndinagwirapo ntchito yofunsa anthu mafunso m'midzi, ndiye ndikufuna ndinene za kafunsidwe, mwana wa kwathu.

Musawafunse kuti "munamva bwanji". Amuna a msinkhu umenewo akuyankhani kuti "zinali zovuta" basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Afunseni za zinthu zogwirika. Munanyamula chiyani m'thumba tsiku lonyamuka? Anakuperekezani ndani, anakafika pati? Chakudya choyamba ku komponi chinali chiyani? Mawu oyamba a Fanakalo (chilankhulo cha kumigodi) amene munawadziwa ndi ati? Malipiro oyamba munagula chiyani? Mukatero zowawa ndi zokoma zimatuluka zokha.

Akakhala chete musathamangire kudzaza. Werengani mpaka khumi mumtima. Nthawi zambiri chachikulu chimabwera pambuyo pa chete ameneyo. Ndipo ife Achewa tinazolowera kuvomera kuti "eee", "inde agogo", "ogo" munthu akamalankhula, ndi ulemu wathu, koma pojambula zimakwera pamwamba pa mawu awo ndipo simungazichotse. Auzeni musanayambe kuti muzivomera ndi mutu, asaone ngati mwawanyozera.

Agogo aakazi ngati alipo musawasiye. Mwamuna akapita kumgodi zaka ziwiri, amene ankalima, kulera ana ndi kudikira kalata anali mkazi. Mbali imeneyo sikambidwa kawirikawiri.

China chimene ndikupempheni ndi ichi. Afotokozereni bwinobwino kuti mawuwa akamveka ndi anthu osawadziwa, mpaka kunja kwa dziko, ndipo akatuluka sabwezeka. Kuvomera kwawo mukujambulenso. Mukamaliza kudula, akamve iwo poyamba musanatumize kwa wina aliyense. Nkhani ya pamzere ija mwina anauza inu ngati mdzukulu wawo, osati dziko lonse. Afunseni. Akatchula munthu wina pa nkhani yochititsa manyazi, monga amene anasiya banja kuno n'kukakwatira konko, dzinalo lichotseni, ana ake alipo. Chimodzimodzi nkhani za kudambwe kapena za kuchinamwali zikatulukira mkati mwa kucheza, zimenezo zili ndi eni ake.

Pomaliza, musaike nyimbo ya woimba aliyense poyambira popanda chilolezo. Nyimbo zili ndi eni, ndipo kuno zimenezi amayang'anira a COSOMA. Pa intaneti akhozanso kukuchotserani gawo lonse. Apempheni agogo aimbe kanyimbo kamene ankaimba kumgodi, kakhale koyambira kanu.

Naphiri wa ku Linthipe

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Loweruka tinajambulira m'kanyumba kaudzu ka azakhali, cha m'ma 2 koloko masana chigayo chitazima. Maikolofoni sindinagulebe, ndaitanitsa kwa mnzanga amene akupita ku Lilongwe kumapeto a mwezi. Foni ndinaigoneka pa mabuku a sitandade 7 ndi chitenje monga munanenera a Mkulu wa Wailesi. Nditamvetsera masekondi oyamba aja ndi mahedifoni ndinamva mpaka kupuma kwawo.

Mayi Nangondo, funso la m'thumba lija ndi limene latsegula zonse. Anati munali bulangete limodzi, chimanga chokazinga ndi kampeni kamene anawapatsa atsibweni awo. Atatero anadzuka, n'kukatulutsa kampeniko m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Chigwiriro chake anachimanga ndi waya wa kumgodi. Ine ndakulira pakhomo pamenepo koma sindinakaonepo. Tinajambula mphindi 50, ndadulamo magawo atatu.

Za pamzere zija ndinawafunsa. Anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti ziikidwe, anyamata a masiku ano adziwe, koma dzina la mnzawo amene analira tsiku limenelo lichotsedwe. Ndachotsa. Agogo aakazi poyamba amakana, akuti alibe chonena, koma atamva mawu a amuna awo pa foni anayamba kuwakonza madeti, ndiye tapangana Loweruka likubwerali.

A Mbewe, gawo loyamba latuluka 6.8 MB. Pofika dzulo usiku pa gulu la kubanja anali atatsegula anthu 19, ndipo amalume a ku Kasungu aimba kufunsa lachiwiri. Ndikutumizirani ndikangomaliza za Spotify.

Mkulu wa Wailesi

Mwachita bwino aphunzitsi. Chinthu chimodzi muchite lero lomwe, musadikire mawa: mphindi 50 zosadulazo muzisunge malo atatu, pa laputopu, pa memori khadi imene simuyenda nayo, ndi pa Google Drive, pamene amapereka 15 GB kwaulere. Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Fayilo iliyonse muilembe deti ndi dzina la wolankhula. Ndipo azibambo awiri otsala aja apiteni mwezi uno, maikolofoni ikabwera iwapeza mwayamba kale.