Za Mphezi: tisunge kapena tigulitse?

Achimwene: Madzulo abwino nonse. Mphunzitsi uja wa mahatchi wandiimbiranso lero, kachitatu tsopano. Akufuna kugula Mphezi kuti mtsikana wina amene akumuphunzitsa mpikisano wodumpha azimukwera. Akuti yankho alimve pofika Lamlungu. Ndamuuza kuti hatchiyi si yanga ndekha, anatisiyira tonse malemu bambo.

Amayi: Ndamva mwana wanga. Tidikire amalume ako alowe.

Amalume: Ndilipo achemwali. Iwe wabweretsa nkhaniwe, yamba ndiwe kunena zakukhosi.

Achimwene: Amalume, ine ndikuona kuti tigulitse. Mphezi ali ndi zaka 9. Ku Olympics hatchi yodumpha siloledwa kulowa isanakwane zaka 9, ndiye muone kuti pano ndi pamene akukhwima. Ife tamusunga zaka ziwiri osapita naye ku mpikisano ngakhale umodzi. Mwezi watha mphunzitsiyo atamuyesa, anadumpha mita 1.30 osakhudza mtengo. Ndinali pomwepo, ndipo mtima unandipweteka. Luso lotere likungothera kumpanda.

Achemwali: Ndiwonjezere za thumba, poti kope la ndalama lili ndi ine. Mphezi amalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndiye patsiku amadya udzu wouma makilogalamu 10, madzi malita 30, kukatentha kuposa apo. Wosema ziboda amabwera masabata 6 mpaka 8 aliwonse. Dokotala wa ziweto amadzapala mano chaka ndi chaka, kuphatikizapo katemera wa kafumbata ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Osonkha mwezi ndi mwezi tilipo atatu okha. Hatchi imakhala zaka 25 mpaka 30, ndiye tikati tisunge, tikulonjeza zaka pafupifupi 20 zikubwerazi.

Azakhali: Nanga sangatiberekere ana, tizigulitsa anawo?

Achemwali: Ndi wofula, azakhali.

Azakhali: Ooh, ndinaiwala. Koma womukwera mwini wake ali chete. Mwanawe, ndikuona ukuwerenga mauthengawa. Talankhula.

Mzime: Azakhali, ndakhala ndikulemba n'kumafufuta.

Mzime: Achimwene, zonse mwanenazi ndi zoona, koma Mphezi sadziwa kuti ali ndi luso. Sagona n'kumadandaula za chikho chimene sanatenge. Iye amadziwa udzu, madzi, mnzake uja wa m'khola loyandikana amene amakandana naye pakhosi, ndi mawu a munthu womutsegulira m'mawa. Chikho chinali loto la bambo ndi ine. Ndipo ndiulule pano chimene ndakhala ndikubisa. Sindinasiye kupikisana chifukwa cha sukulu yokha. Chigwereni tsiku lija ndinathyoka mkono, ndikangoona mitengo yodumpha itaimikidwa mtima umagunda, manja amanjenjemera, ndipo Mphezi amamva kudzera mu zingwe kuti ndikuopa. Kuyenda naye pang'onopang'ono ndimatha. Kudumpha ndalephera.

Amayi: Mwana wanga, zaka ziwiri zonsezi osandiuza?

Mzime: Ndinkachita manyazi amayi. Bambo anavutika kwambiri kuti amugule.

Achimwene: Pepa mlongo wanga. Ndikanadziwa sindikanalankhula muja ndalankhulira.

Mzime: Palibe kanthu achimwene. Mantha anga pa zogulitsa ndi awa: tikangolandira ndalama, mawu athu athera pomwepo. Mtsikanayo akakula kapena akafuna hatchi yodumpha patali, Mphezi agulitsidwanso, kenako agulitsidwanso. Akadzavulala mtsempha wa mwendo, zimene zimachitika kawirikawiri kwa mahatchi odumpha, kuchira kwake kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu. Mwini watsopano adzamudikira? Ife sitidzadziwa n'komwe kumene ali.

Alamu: Ndiloleni ndiponyepo mawu. Za Lamlunguzo zisatithamangitse. Ku Olympics ya ku Rio mu 2016, Nick Skelton wa ku Britain anatenga mendulo ya golide ya kudumpha pa hatchi yotchedwa Big Star, ili ndi zaka 13. Mphezi akadali ndi zaka zabwino kutsogolo. Wogula amene wamukondadi angathe kudikira sabata ina.

Mzime: Alamu mwandikumbutsa nkhani imene bambo ankaikonda, ya Snowman, hatchi yolima imene Harry deLeyer, mphunzitsi wa zokwera mahatchi ku America, anaigula mu 1956 ili pa ulendo wokaphedwa. Ataigulitsa kwa woyandikana naye, inkadumpha mipanda n'kubwerera kwa iye, mpamene anazindikira kuti imadumpha. Mu 1958 inapambana mpikisano waukulu wodumpha ku Madison Square Garden, mumzinda wa New York. Bambo ankati hatchi imadziwa kwawo.

Amalume: Nkhaniyo ndi yokoma, koma mwanawe undimvetse. Hatchi imeneyo inabwerera kwa munthu amene ankaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ine ndinapita kukamuona Mphezi sabata yatha. Wanenepa, khosi lakhuthala pamwamba, nthiti sizikumveka ngakhale usisite mwamphamvu. Dokotala anatichenjeza kale kuti hatchi yonenepa yongokhala imagwidwa ndi matenda aja otupitsa m'kati mwa ziboda, amati laminitis, ndipo ikafika poipa imalephera ngakhale kuima. Wayambanso kutafuna matabwa a khola, chizindikiro choti watopa ndi kukhala. Chikho sachifuna, ndikuvomera. Koma ntchito akuifuna, ndipo kumukwera kamodzi pa sabata sikukwanira. Tisamunamize kuti tikumukonda pomwe tikumudwalitsa.

Mzime: Ndaziona zimenezo amalume. Sindikana.

Azakhali: Ndiye kusunga chonchi ayi, kugulitsa ayi. Njira ina palibe?

Achemwali: Ilipo azakhali, kumubwereketsa. Eni mahatchi ambiri amatero. Umwini umakhala wathu, koma wobwerekayo amamutenga kwa chaka, amalipira chakudya, ziboda ndi khola, n'kumapikisana naye. Ndalama yaikulu ya kugulitsa sitiiona, koma zosonkha za mwezi ndi mwezi zichepa kwambiri.

Achimwene: Mphunzitsiyo akhoza kukana. Munthu safuna kuphunzitsa hatchi chaka chonse, mtengo wake n'kukwera, kenako eni ake n'kudzailanda.

Amalume: Akakana tidzakhalanso pansi. Koma umufunse kaye. Ndipo zonse zilembedwe, pasakhale zongogwirana chanza. Asanachoke, dokotala amuyeze thupi lonse ndi kujambula miyendo pa X-ray, kuti akadzabwera akutsimphina pasadzakhale kulozana zala. Mulembemo kuti akavulala alipira ndani, kuti sangamusamutse kapena kumubwereketsa kwa wina osatiuza, ndiponso kuti ife tili ndi ufulu wokamuona.

Alamu: Muikemonso kuti chaka chikatha, ngati banja lidzafune kugulitsa, iwowo ndiwo oyamba kufunsidwa. Zimenezo zingamufewetse mtima mphunzitsiyo.

Mzime: Ndipo ngati tidzagulitse, palembedwe kuti iwo akadzafuna kumugulitsanso adzayambe atifunsa ife. Akadzakalamba ndikufuna adzabwerere. Nthawi imeneyo ndidzakhala ndikugwira ntchito, ndidzamusamala ndekha.

Achemwali: Ndazilemba zonse. Mawa ndituma pagulu pano kuti aliyense awerenge.

Amalume: Mayi a anawa, mawu omaliza ndi anu.

Amayi: Ine ndavomera zobwereketsazo, kwa chaka chimodzi. Bambo anu ankadzuka m'bandakucha kukamuona, ndipo akanamuona mmene wanenepera pano sakanakondwa. Koma chishalo chija anagula okha chisapite nawo. Chikhale kunyumba.

Achimwene: Chabwino amayi. Ndimuimbira mawa m'mawa, ndimupemphe kuti Loweruka tikaone khola lawo ndi pamene mahatchi awo amadyera.

Mzime: Loweruka ndipita nanu achimwene. Ndikufuna ndikaone mmene mtsikanayo amagwirira zingwe. Mphezi sakonda kukokedwa pakamwa, ndiyenera kukamuuza ndekha.

Azakhali: Munditengeko nanenso. Mudzandiuze nthawi yonyamuka.