Nyali za Khirisimasi pakhonde nyengo ya mvula ino

Mayi a Tadala, Mufakose ku Harare: Abale, ndikufuna kukongoletsa pakhonde ndi pabalaza Khirisimasi ino. Koma mvula ndi iyi, magetsi nawo akungozimazima. Ndigule nyali zotani?

Achimwene a ku Highfield: Mayi, pakhonde gulani nyali za LED za sola, zolembedwa IP44 pabokosi, chizindikiro choti zimapirira madzi owazika ngati a mvula. Zopanda chizindikiro choti zimapirira madzi ndi za m'nyumba, madzi akalowa zimapsa. Kasola kake kayang'ane kumpoto, pamalo opanda mthunzi, kalandire dzuwa maola 6 kapena kuposa. Kukachita mitambo tsiku lonse, zimazima usiku usanafike pakati.

Anaphiri, Mbare: Zapabalaza zikhale za pulagi ya mano atatu, ya 220 mpaka 240V. Mtengo wa Khirisimasi wa mita 1.5 umakwana ndi nyali 100. Muuyimike m'chitini cha penti cha malita 5, mutsiremo miyala ndi mchenga kuti ana asaugwetse. Nyalizo muziyese pa shopu musanalipire.

Malume a ku Dzivarasekwa: Mapepala a krepi musayike pakhonde, akanyowa amasuluka n'kudetsa khoma. Selotepi nayo imamatula penti. Khomani timisomali pa fulemu ya chitseko, mumange ndi ulusi. Makandulo pafupi ndi makatani ayi ndithu.