Kodi nyumba yakale ya War Office ku London inasanduka bwanji hotela?

Wogwira ntchito ku Luton analemba kuti:

Akuluakulu ndi abale anga nonse, ndili ndi funso lokhudza nyumba ina yaikulu ya miyala yoyera yomwe ili mu msewu wa Whitehall ku London, moyang'anana ndi Horse Guards, pamene alendo amakonda kujambulitsa ndi asilikali okwera pa akavalo. Mnzanga wa kuntchito akuti nyumbayi ndi imene Winston Churchill ankayendetseramo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo akuti lero ndi hotela ya anthu olemera yotchedwa Raffles. Ndikupempha amene akuidziwa bwino mbiri yake andifotokozere ngati zimenezi zili zoona, komanso chimene chinachititsa boma la Britain kutaya nyumba yofunika chotere.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba anayankha kuti:

Bambo a ku Luton, za hotelazo mnzanuyo wanena zoona, koma za Churchill wasakaniza nyumba ziwiri. Churchill anagwiradi ntchito m'nyumbayi kuyambira 1919 mpaka 1921, pamene anali nduna yoona za nkhondo, ndipo ntchito yaikulu imene anaipeza inali yobwezera kumudzi asilikali ochuluka amene anali atatopa ndi nkhondo yoyamba. Pa nkhondo yachiwiri iye anali nduna yaikulu, ndipo misonkhano yake ya nthawi ya mabomba inkachitikira m'zipinda zapansi za nyumba ina, zimene lero zimatchedwa Churchill War Rooms, chakumwera kwa msewu womwewo.

Nyumba mukufunsayi inatha kumangidwa mu 1906. Zisanatero, maofesi a unduna woona za asilikali a pamtunda, wotchedwa War Office, anali omwazikana m'nyumba zakale za ku Pall Mall, zopanikizana ndiponso zodwalitsa, kotero kuti boma linaganiza zowasonkhanitsa pamodzi. Anajambula mapulani ake ndi William Young, koma iye anamwalira mu 1900, ndipo mwana wake Clyde Young ndiye anaimaliza ntchitoyo. Inadya ndalama zoposa mapaundi 1.2 miliyoni a nthawi imeneyo, inali ndi zipinda pafupifupi 1,100, ndipo makolido ake akawalumikiza ankakwana makilomita 4. Malo amene anamangapowo sanali olingana mbali zonse, n'chifukwa chake anaika tinsanja pa ngodya zinayi kuti munthu woima panja asaone kupendama kwa makoma.

Anthu amene anadutsa m'nyumbayi ndi ambiri. Richard Haldane, amene anakonzanso gulu lonse la asilikali a Britain nkhondo yoyamba isanayambe, ndiye nduna yoyamba kukhalamo. Lord Kitchener anakhalamo kuchokera mu 1914 mpaka pamene anamira ndi sitima ya pamadzi mu 1916 ali pa ulendo wopita ku Russia, ndipo David Lloyd George analowa m'malo mwake kwa miyezi yochepa asanakhale nduna yaikulu. John Profumo nayenso anali nduna ya pomwepo, ndipo anatula pansi udindo mu 1963 atavomera kuti ananamiza nyumba ya malamulo za chibwenzi chake. Chaka chotsatira, mu 1964, unduna wa War Office unathetsedwa n'kuphatikizidwa mu unduna umodzi wa zachitetezo, umene likulu lake linali m'nyumba ina yapafupi, ndipo kuyambira pamenepo iyi inayamba kutchedwa Old War Office.

Mayi wa ku Manchester anawonjezera kuti:

Aphunzitsi afotokoza bwino zakale, ine ndingoyankhapo za kugulitsidwa kwake. Unduna wa zachitetezo unapitiriza kugwiritsa ntchito nyumbayi kwa zaka zina 50, koma boma litayamba kuchepetsa ndalama zimene linkawononga ndiponso kuchepetsa antchito, linaona kuti n'kosathandiza kusunga chinyumba chakale chimene kuchikonza kunkafuna ndalama zambiri pomwe antchitowo akanatha kukwana m'likulu lija. Kugulitsako kunatsirizika mu 2016 pa mtengo woposa mapaundi 350 miliyoni, ndipo ogula anali Hinduja Group, kampani ya banja lolemera lochokera ku India, pamodzi ndi kampani ya zomangamanga ya ku Spain yotchedwa OHL. Kunena mosamala, boma silinagulitsiretu malowo, koma linawabwereketsa kwa zaka 250, ngakhale kuti kwa ife amoyo lero kusiyana kwake n'kochepa.

Popeza nyumbayi ndi yotetezedwa ndi lamulo la nyumba za mbiri yakale, eni ake atsopanowo sakanatha kugwetsa makoma akunja kapena masitepe aakulu a mwala wonyezimira amene ali polowera. Malo owonjezera anawapeza pokumba pansi, ndipo kumeneko n'kumene kuli dziwe losambiramo ndi holo yaikulu ya maphwando. Hotelayi inatsegulidwa mu September 2023 ndi dzina lakuti Raffles London at The OWO (OWO ndi chidule cha Old War Office), ili ndi zipinda zogona 120, ndipo mbali ina ya nyumbayi inasandutsidwa nyumba 85 zogulitsa kwa anthu oti azikhalamo. Ena mwa maofesi akuluakulu akale tsopano ndi zipinda zogona zodula kwambiri zotchedwa maina a Haldane ndi Churchill, ndipo pamene hotelayi inkatsegulidwa mu 2023 ngakhale chipinda wamba chinkafika mapaundi 1,000 usiku umodzi.

Kwa ine, kusinthaku kunali kwabwino. Pa zaka zonse zimene nyumbayi inali ya asilikali, munthu wamba sankaloledwa n'komwe kupondamo, pomwe lero aliyense wovala bwino angathe kulowa n'kukamwa tiyi akuyang'ana masitepewo.

Mdzukulu wa msilikali wa King's African Rifles (KAR) anatsutsa kuti:

Mayi, ndikulemekeza maganizo anu, koma mawu akuti aliyense angathe kulowa ndikuwakayikira, chifukwa khomo limene kale linkatsekedwa ndi mlonda wa mfuti lero likutsekedwa ndi mtengo wa tiyiyo. Nyumba imene inamangidwa ndi misonkho ya anthu, imene munkalembedwa makalata odziwitsa makolo kuti mwana wawo wafa kunkhondo, inayenera kukhala ndi mbali yaikulu yoti ana a sukulu azilowa mwaulere kukaphunzira.

Ndipo nkhaniyi ife sikuti ili kutali nafe. Gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, pa nthawi ya mtendere linkayang'aniridwa ndi unduna woona za maiko olamulidwa ndi Britain, koma nkhondo ya kum'mawa kwa Africa itavuta kumapeto kwa 1914, War Office ndiyo inatenga udindo woyendetsa nkhondoyo. Choncho zina mwa zimene zinagwera asilikali athu ndi amtengatenga, amene ambiri anafa ndi njala ndi matenda atasenza katundu m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, zinkachokera pa matebulo a m'nyumba imeneyi. Pa nkhondo yachiwiri zinabwerezanso, pamene anyamata athu anatumizidwa mpaka ku Burma. Maina a ena mwa iwo ali pa chipilala cha ku Zomba, koma hotelayi ikamadzitsatsa imatamanda Churchill ndi azondi amene bungwe lawo linayambika mu 1909, chifukwa zimenezo ndi zimene zimakopa alendo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba anabwereranso kuti:

Mfundo ya amtengatengayo ndi yolemera, ndipo sindingaitsutse. Chimene ndingawonjezere n'chakuti boma la Britain linali litasankha kale kuti silidzalipira ndalama zokonzera nyumbayi, ndipo nyumba ya zipinda 1,100 ikakhala yopanda anthu imayamba kudontha ndi kuwola msanga. Nyumba zoonetsera za nkhondo London ili nazo kale, monga Imperial War Museum ndi National Army Museum, kotero kuti pempho lotsegula ina pa malo odula ngati Whitehall likanavuta kupambana. Bambo a ku Luton, mukadzapitanso kumeneko mudzayang'ane m'mwamba pafupi ndi tinsanja tija, mudzaona ziboliboli zimene anasema Alfred Drury, ndipo zina mwa izo zikuimira nkhondo pomwe zina zikuimira mtendere.