Katoni ya zida za gitala yafika kuchokera ku Joni

Mlembi: Moni nonse. Katoni imene amalume athu a ku Johannesburg anatumiza pa basi yafika dzulo. Muli mapikapu anayi, nsambo, makiyi omangira nsambo ndi amplifaya imodzi. Akuti achinyamata a kwaya apange okha magitala amagetsi awiri.

Agogo a ku Ntcheu: Mapikapu anayi akwana bwanji m'katoni? Imodzi ibwere kuno izinyamula odwala.

Amalume a ku Joni: Si galimoto agogo! Pikapu ya gitala ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, kuzunguliza pafupifupi ka 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, mu wayamo mumabadwa timagetsi tochepa, amplifaya n'kutikuza. Thupi la gitala lisakuopseni, ndi thabwa chabe. Leo Fender mu 1950 anatenga thabwa lathyathyathya n'kumangapo khosi ndi masikuluu anayi, ndiyo Telecaster imene ikugulitsidwabe mpaka lero. Kalipentala wathu wa pamsika akhoza, bola apeze mbawa youma bwino. Azungu amaitcha Khaya ndipo amapangira magitala odula.

Azakhali a ku Blantyre: Tathokoza achimwene. Koma mawu otsatira ndikuwadziwa kale. Sonkhani.

Amalume a ku Joni: Mwalasa. Khosi ndiye lovuta. Kuchokera pomwe nsambo yatsamira kumutu kufika pa buliji, pomwe yatsamira pa thupi la gitala, pakhale mamilimita 648, ndipo mwa mafureti, tizitsulo tija topingasa pakhosi, ya nambala 12 igwere pakati penipeni, pa 324. Mukaphonya pang'ono gitala imanama, muchune motani. Komanso mkati mwa khosi mumadutsa kachitsulo koliwongola, apo ayi nsambo zimalikoka mpaka kupinda ngati uta. Ine yanga yoyamba ndinasema ndekha m'galaja kuno, itatha miyezi iwiri pansi pa nsambo pankalowa chala. Ndiye makosi awiriwo tigule opangapanga. Thumba la gulu lithandizepo.

Msungichuma: Thumba lilibe kanthu pakadali pano.

Azakhali a ku Blantyre: Lilibe kanthu? Nanga za mjigo zija? Amayi akutungabe kudambo, ife tikukamba za magitala. Malisiti tinapempha chaka chatha, mpaka lero zii.

Msungichuma: Ndinafotokoza pa msonkhano wa Khirisimasi. Amene sanabwere asandivute.

Azakhali a ku Blantyre: Munafotokoza pakamwa. Pepala lili kuti?

Mphunzitsi wopuma: Ife tili ana tinkapanga banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga, ndipo anthu ankavina mpaka fumbi koboo. Komiti panalibe.

Amalume a ku Joni: Aphunzitsi, waya wa mabulekiwo pikapu ikhoza kuumva ndithu chifukwa ndi chitsulo. Chingwe cha mbedza ndiye ayi, maginito sagwira pulasitiki. Chinanso, mwa mapikapuwo awiri ndi ma humbucker, aja Gibson anayamba kuika pa magitala ake mu 1957. Ali ndi makoyilo awiri okulungidwa motsutsana, amapha kaphokoso kaja ka "mmmm". Amenewo apite pa gitala yotsogolera. Ndipo chonde, pulagi ya amplifayayo ndi ya kuno, ya mano atatu ozungulira, siilowa m'masoketi a kwathu. Wina asaidule n'kusomeka mawaya awiri ndi timitengo ta machesi. Waya wa earth ukasowa, woimba adzagwidwa ndi magetsi pamlomo akangokhudza maikolofoni.

Mnyamata wa kwaya: Pepani akuluakulu, kutchalitchi kulibe magetsi. Batire ya sola inafa.

Azakhali a ku Blantyre: Ehee! Nanga kiyibodi ija inapita kukakonzedwa ku Lilongwe inabwerako?

Wapampando: Tisasakanize nkhani. Za kiyibodi zili m'manja mwa akulu a mpingo.

Mphunzitsi wopuma: Mbawa yaikulu yatsala ndi ya kumanda yokha. Pitani mukauze amfumu kuti mukufuna gitala, ine ndidzaonerera patali.

Amalume a ku Joni: Sindinanene zodula mtengo. Chitseko chakale cha mbawa chikwana, chinauma kalekale. Komatu ngati mphatso yanga yabweretsa mkangano, Mlembi ingoitumizaninso, ya basi ndilipira.

Agogo a ku Ntcheu: Ndiye galimoto palibe?

Mlembi: Katoni ili kwanga pansi pa bedi, ana ayamba kale kuseweretsa maginito. Isungidwe kwa ndani?

Azakhali a ku Blantyre: Kulikonse, kupatula kwa Msungichuma.

Msungichuma watuluka m'gulu.